Chithunzi Chingathe Kunama: Kakonzedwe ka Mitundu pa Zithunzi za Mbeu

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi

Alimi anzanga, masiku ano ambiri a inu mukaona chachilendo m'munda simudikiranso kuti Mlangizi afike pa njinga. Mungotuma mwana kuti ajambule tsamba ndi foni, ndipo chithunzicho chifika kwa ife tsiku lomwelo. Njira imeneyi ndi yabwino ndithu, pakuti dera la Mlangizi mmodzi ndi lalikulu, ndiponso m'dzinja mitsinje idzaza. Koma ndifuna kukuchenjezani kuti chithunzi chingathe kunama. Ine chinandinamiza, ndipo amene analipira bodzalo si ine ai, koma mlimi wosalakwa.

MBUZI INAPITA CHABE

M'mwezi wa January chaka china mnyamata wina ananditumizira zithunzi zitatu za munda wa atate wake. Chimanga chinali chitapitirira m'maondo, ndipo pa zithunzizo masamba onse anali achikasu kuyambira pansi kufikira pamwamba. Ine sindinafunse kanthu. Ndinangoyankha kuti chimangacho chiri ndi njala, athire Urea msanga nthawi isanapite. Bamboyo analibe ndalama, chotero anagulitsa mbuzi yake yaikazi imene inali ndi bere, nagula fetereza.

Patapita masiku anai ndinadzera kumudziko m'mawa. Nditalowa m'munda ndinazizwa. Chimanga chinali chobiriwira bwino ndi chonenepa, ngakhale m'mizere imene Urea watsopanoyo anali asanafikemo. Bamboyo anali atathira kale fetereza wokulitsa ndi wobereketsa yemwe pa nthawi yake, koma anamvera mau anga chifukwa ndine Mlangizi. Nditamfunsa mnyamata uja nthawi imene anajambula, anati, "Madzulo, pochokera kubusa." Pomwepo ndinazindikira kuti chikasu chija sichinali cha masamba, chinali cha dzuwa lopita kukalowa.

Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anandiphunzitsa zimene ndikulemberani pano.

CHIFUKWA CHAKE MTUNDU WA TSAMBA NGWOFUNIKA

Chimanga sichilankhula, koma chikadwala chionetsa pa masamba. Chikasowa nayitirojeni, ndicho chakudya chimene chiri mu Urea, masamba apansi ndiwo ayamba kuchita chikasu. Chikasucho chiyambira kunsonga kwa tsamba nkumalowa potsata msempha wa pakati, ngati mutu wa mkondo. Chikasowa salufa, chikasu chioneka pa masamba anthete akumwamba. Chikasowa potaziyamu, m'mbali mwa masamba apansi muchita chikasu, pambuyo pake muuma ngati mwawauka ndi moto. Chikasowa fosiforasi, chimanga chaching'ono chichita masamba ofiirira ngati khungu la biringanya. Ndipo chikasowa zinki, pa masamba atsopano paoneka mizere yaikulu yoyererako mbali iyi ndi iyo ya msempha wa pakati.

Taonani tsono, bvuto liri lonse liri ndi mtundu wake, malo ake, ndi mankhwala akeake. Urea ali ndi magawo 46 a nayitirojeni pa magawo 100 ali onse, koma alibe salufa kapena zinki. Wothira Urea pa chimanga chosowa zinki wangotaya ndalama zake. Chifukwa cha ichi, chithunzi chikasintha mtundu wa tsamba, Mlangizi alangiza zolakwika. Bodzalo lingathe kupita mbali ziwiri. Tsamba labwino lioneka lodwala, monga zinandichitikira ine. Kapena tsamba lodwala lioneka lobiriwira bwino, mlimi nkukhala phee masabata atatu chimanga chiri kufooka.

KUWALA KULI NDI MTUNDU WAKE

Tiyambe tagwirizana pa mau. M'chinenero chathu timati msipu ndi wobiriwira, thambonso ndi lobiriwira. M'nkhani ino ndikati kubiriwira ndinena mtundu wa msipu, ndipo mtundu wa thambo ndidzati buluu.

Pitani kwa wosula makasu mukaone. Chitsulo chikayamba kutentha chifiira. Akalimbikitsa moto ndi mvukuto chichita ngati lalanje, kenaka chikasu, ndipo pa moto waukulu ndithu chiyera. Anthu a sayansi ayesa mtundu wa kuwala poufanizira ndi chinthu chotenthedwa chotere. Muyeso wake utchedwa Kelvin, kutsata dzina la Lord Kelvin, amene anali mphunzitsi pa University ya Glasgow ku Scotland, namwalira m'chaka cha 1907. Manambala oyenera kuwadziwa ndi awa:

Kandulo, pafupifupi 1,900.
Babu lamagetsi la mtundu wakale, pafupifupi 2,700.
Dzuwa lotuluka kapena lolowa, pafupifupi 3,000.
Dzuwa lamasana, pafupifupi 5,500.
Tsiku la mitambo, pafupifupi 6,500.
Mumthunzi kunja kuli ngwee, 7,000 kapena kupitirira.

Nambala ikachepa, kuwalako nkofiirira kapena kwachikasu. Nambala ikakula, kuwalako kupendekera ku buluu. Mnyamata uja anajambula pa kuwala kwa 3,000, ine nkumaweruza ngati ndiona munda wa masana.

Mwina mufunsa kuti, nanga bwanji ife sitiona kusinthaku? Yankho ndi lakuti mutu wa munthu ukonza wokha zimene maso aona. Malaya oyera tiwaona oyera masana, tiwaonanso oyera usiku pa moto, chifukwa mutu udziwa kuti kufiirako nkwa moto. Koma pa chithunzi mutu ulibe podziwira kuti kunja kunali kotani. M'chaka cha 2015 anthu a maiko ambiri anakangana pa intaneti chifukwa cha chithunzi cha diresi imodzi. Ena anati ndi yoyera ndi yagolide, ena anati ndi ya buluu ndi yakuda. Diresiyo inalidi ya buluu ndi yakuda. Onse anali ndi maso abwino, koma yense anaganizira mosiyana za kuwala kumene kunagwera pa nsaluyo.

Kamera nayo ingoganizira. Mwa zina, iyesa kuti mitundu yonse ya m'chithunzi itasakanizidwa iyenera kutuluka yotuwa. M'tauni, mmene muli zinthu zamitundumitundu, kuganiza kotere sikuphonya kwambiri. Koma m'munda wa chimanga zonse nzobiriwira, chotero kamera iyesa kuti kuwala ndiko kwabiriwira, nkuchotsako kubiriwira kwa masamba. Pa nthaka ya katondo ichotsako kufiira, masamba nkuoneka abwino kuposa mmene aliri.

Amai achikulire akumbukira buluu wochapira. Nsalu yoyera ikayamba kuchita chikasu, ankathira buluu pang'ono m'madzi otsukuluzira, nsalu nkuoneka yoyera mbee. Akachulutsa buluuyo, nsalu inkaipanso. Kukonza mitundu pa chithunzi ndi nchito yomweyo: kuchotsa mtundu umene kuwala kwapaka, osaperewera ndiponso osapitiriza. Pa foni ndi pa kompyuta nchitoyi itchedwa White Balance.

CHITHUNZI CHOPHIKA NDI CHITHUNZI CHACHIWISI

M'kati mwa kamera, kuseri kwa diso lake, muli kambale kakang'ono kokhala ndi timaso mamiliyoni ambiri. Kaso kali konse kangowerenga kuchuluka kwa kuwala, sikadziwa mtundu. Chotero pamwamba pa timasoto anaikapo timagalasi ta mitundu itatu. Pa timagalasi tinai tiri tonse, tiwiri ntobiriwira, kamodzi nkofiira, kamodzi nka buluu. Nzeru imeneyi ndi ya Bryce Bayer wa kampani ya Kodak ku America, ndipo inalembetsedwa m'chaka cha 1976. Makamera ambiri kufikira lero apangidwa motero.

Mukakanikiza batani, kamera itenga manambala onse amene timaso tija tawerenga nkuwaphika. Isankha yokha White Balance, ionjezera mitundu kuti ikome, ikuza kusiyana kwa mdima ndi kuwala, ndipo zotsala izitaya kuti chithunzi chichepe. Chotulukacho ndi chithunzi cha JPEG, mtundu umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, ndipo ndicho chimene nonse mutumizirana.

Koma makamera ena alola kuti musunge manambala aja asanaphikidwe. Chithunzi chotere chitchedwa RAW, ndiko kunena kuti chachiwisi. JPEG iri ngati nsima yophikaphika: ikalimba kapena ikakhala ndi mibulu, palibe chimene mungachite koposa kuidya momwemo. RAW iri ngati ufa m'dengu: mungaphike nsima, mungaphike phala, ndipo mukalakwa mutapanso wina. Pa RAW White Balance ikhala isanamatidwe pa chithunzi, chotero mungathe kuisankha muli kunyumba popanda kuononga kanthu.

Pali kusiyana kwinanso. Pa JPEG mtundu uli wonse wa itatu ija uli ndi makwerero 256 okha kuchokera pa mdima kufika poyera. RAW ya mafoni ambiri iri ndi makwerero 1,024 kapena kuposa, ndipo ya makamera akulu iri ndi 4,096 kapena 16,384. Makwerero ochuluka ndiwo alola kuti muwalitse malo amdima ndi kuchepetsa malo owala popanda chithunzi kuchita mawanga.

RAW iri ndi maina osiyana monga mwa kampani. Canon ilemba CR2 kapena CR3, Nikon ilemba NEF, Sony ilemba ARW. Mafoni ambiri alemba DNG, mtundu umene kampani ya Adobe inatulutsa m'chaka cha 2004. Mafoni a Android anayamba kuloledwa kujambula RAW mu 2014, ndipo iPhone mu 2016. Si foni iri yonse imene iri nayo. Yang'anani mu kamera ya foni yanu pamene alemba kuti Pro, kapena pamene musinthira makonzedwe a kamera.

Dziwaninso kuipa kwake. Chithunzi cha RAW chidya malo kuwirikiza kangapo kuposa JPEG. Mukachitsegula koyamba chioneka chozimirira ndi chosakoma. Musadandaule, ufa suoneka ngati nsima.

MLANDU UFUNA MBONI

Pa bwalo la mfumu sagamula mlandu pakumva mbali imodzi. Pa chithunzi maso anu ndi mbali imodzi, ndipo taona kale kuti anyengeka. Mufunika mboni, ndiko kuti chinthu chimene mudziwa ndithu kuti chiribe mtundu, choyera kapena chotuwa. Chinthucho chikaoneka chachikasu pa chithunzi, mudziwa kuti chikasucho ncha kuwala.

Akatswiri ojambula agwiritsa nchito khadi lotuwa limene libweza magawo 18 pa magawo 100 a kuwala kogwera pa ilo. Ligulitsidwa m'masitolo a makamera. Ngati simungalipeze, tengani pepala loyera losanyezimira, mulipinde kanai kuti kuwala kusapyole. Mapepala ambiri oyera ali ndi mankhwala owapendeketsa pang'ono ku buluu, chotero pepala silifika pa khadi, koma liposa kukhala opanda mboni. Muzigwiritsa nchito pepala la mtundu umodzimodzi nthawi zonse, ndipo likada mulitaye.

Nzeru yoika mboni pafupi ndi tsamba si yachilendo pa ulimi. Bungwe lofufuza za mpunga la International Rice Research Institute ku Philippines lifalitsa kachipangizo kapulasitiki kokhala ndi magawo anai obiriwira mosiyana. Mlimi aika tsamba la mpunga pamenepo nkufanizira, kuti adziwe ngati nthawi yothira fetereza yakwana. Iwonso anaona kuti diso lokha silikwanira.

POJAMBULA M'MUNDA

Kukonza kwabwino kuyambira m'munda. Tsatani izi:

1. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa. Mafuta a m'manja achititsa chithunzi kuoneka ngati chautsi.

2. Jambulani mame atauma, dzuwa litakwera koma lisanafike paliombo, kapena tsiku la mitambo yopepuka. Pewani mbandakucha ndi madzulo.

3. Tsamba lonse likhale pa kuwala kumodzi. Likakhala theka padzuwa theka pamthunzi, palibe angalikonze, pakuti mbali imodzi ifuna 5,500 ndipo inzake ifuna 7,000. Ngati dzuwa lachuluka, tchingani tsamba lonse pamodzi ndi khadi lomwe ndi mthunzi wa thupi lanu.

4. Ikani khadi pambali pa tsamba, loyang'ana kumene tsamba layang'ana. Musalilowetse kunsi kwa masamba, chifukwa kumeneko kuwala nkobiriwira.

5. Zimitsani nyale ya kamera, ndiponso zonse zokometsera zithunzi. Mafoni ena akazindikira kuti mujambula mbeu aonjezera okha kubiriwira.

6. Ikani tsamba labwino pafupi ndi lodwala. Mujambulenso phesi lonse, kuti tione ngati odwala ndi masamba apansi kapena apamwamba.

POKONZA CHITHUNZI

Mufunika pulogalamu yotsegulira RAW. Pa foni pali Snapseed ya kampani ya Google, imene ndi yaulere, ndi Lightroom ya Adobe, imene mbali zake zina nzolipira. Pa kompyuta pali darktable ndi RawTherapee, zonse zaulere. Maina a zosinthira zake ndi a Chingerezi, ndipo ndiwalemba monga mudzawapeza. Chosinthira chiri chonse ndi kamzere kamene mukankha ndi chala kumanja kapena kumanzere. Mapulogalamu amenewa sasintha RAW yeniyeniyo. Angolemba padera zimene mwasankha, chotero mukasokoneza mungathe kubwerera poyamba.

Musanayambe, khalani pa mthunzi kapena m'nyumba mowala bwino. Zimitsani chija chimene chichititsa galasi la foni kukhala lachikasu usiku, chotchedwa Night Light kapena Night Shift. Ngati foni yanu ikufunsani kusankha pakati pa Vivid ndi Natural, sankhani Natural. Wokonza chithunzi pa galasi lachikasu ali ngati woyeza fodya pa sikelo yokhota.

Choyamba, mtundu wa kuwala. Pezani pamene alemba White Balance. Pamenepo pali kachizindikiro kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso. Kagwireni nkukaloza pa khadi lanu. Pulogalamu isintha chithunzi chonse kufikira khadilo litakhala lopanda mtundu. Ngati pulogalamu yanu ionetsa manambala atatu, la kufiira, la kubiriwira ndi la buluu, onani kuti pa khadipo atatuwo akhale ofanana kapena oyandikana kwambiri. Ngati mboni yanu ndi pepala loyera, lozani pamene silinawale mopitirira, chifukwa malo oyera mbee alibe chouza pulogalamu.

Kachizindikiroko kasuntha zosinthira ziwiri. Choyamba ndi Temperature, choyenda pakati pa buluu ndi chikasu. Chenjerani apa, pakuti ambiri asokonezeka. Pa pulogalamu imene ionetsa manambala a Kelvin, nambalayo ndiyo muuza nayo pulogalamu kuti kuwala kunali kotani. Chotero chithunzi chikakhala chachikasu, chepetsani nambala. Chikakhala cha buluu, ikuzeni. Chachiwiri ndi Tint, choyenda pakati pa kubiriwira ndi pinki. Kwa ife alimi chimenechi ndi choopsa koposa, chifukwa kuchikankha pang'ono pokha kusandutsa tsamba lanjala kukhala lokhuta. Musachikankhe ndi maso, chisiyireni khadi.

Chachiwiri, kuwala kwa chithunzi chonse. Chosinthira chake ndi Exposure. Pa mapulogalamu monga Lightroom ndi darktable, kuonjeza 1 ndiko kuwirikiza kuwala kawiri, ndipo kuchotsa 1 ndiko kukugawa pakati. Musadalire galasi la foni, chifukwa liwala mosiyana masana ndi usiku. Yang'anani kachithunzi kooneka ngati phiri kotchedwa histogram. Kumanzere kwake ndi mdima, kumanja kwake ndi kuwala, ndipo msinkhu wa phiri uonetsa kuchuluka kwa malo otero pa chithunzi. Phiri likaunjikana kukhoma lakumanzere, chithunzi chada. Likaunjikana kukhoma lakumanja, chawala mopitirira. Ngati muli ndi khadi lenileni lotuwa, pa chithunzi chotsirizidwa liyenera kuwerenga pafupi ndi 118 pa makwerero aja oyambira 0 kufika 255. Ichi nchofunika, pakuti tsamba lowalitsidwa kwambiri lioneka lotumbuluka ngati lanjala, ndipo lodetsedwa lioneka lobiriwira kwambiri.

Chachitatu, malo owala ndi malo amdima. Tsamba la chimanga linyezimira padzuwa, ndipo ponyezimirapo mizere ya matenda siioneka. Tsitsani Highlights kufikira misempha ya tsamba itaonekanso. Apa ndipo RAW ionetsa ubwino wake, pakuti kawirikawiri isunga zimene JPEG inataya. Komabe pamene timaso ta kamera tinadzaziratu, palibe chobwerera. Nsima ikapserera yapserera. Lightroom ingathe kukuonetsani malo otayika otere powapaka mofiira, ndi amdima otayika powapaka buluu. Pambuyo pake kwezani Shadows pang'ono kuti masamba apansi aoneke, pakuti njala ya nayitirojeni iyambira kumeneko. Mukakweza kwambiri mudzaona timadontho ngati mchenga, ndipo wina angayese kuti ndi matenda.

Chachinai, Contrast, ndiko kusiyana kwa mdima ndi kuwala. RAW ibwera yozimirira, chotero mungaonjeze pang'ono. Koma dziwani kuti Contrast ikakula mitundu nayo ikula. Tsamba lotumbuluka pang'ono lisanduka lachikasu ndithu. Onjezani kufikira chithunzi chitafanana ndi zimene munaona m'munda, pamenepo lekani.

Mukatsiriza chithunzi chimodzi, mapulogalamu ambiri alola kuti mukopere makonzedwe omwewo pa zinzake. Chitani chimenechi pa zithunzi zokhazo zojambulidwa pa malo amodzi ndi nthawi imodzi. Mtambo ukadutsa, kuwala kwasintha, ndipo pafunika kuloza khadi kachiwiri. Nchitoyi siifuna liwiro. Kuona maso a nkhono nkudekha.

ZIMENE SIMUYENERA KUKHUDZA

Pali zosinthira ziwiri zimene anyamata azikonda kwambiri, Saturation ndi Vibrance. Nchito yake ndi kukometsa mitundu. Palinso zina zosinthira mtundu umodzi pawokha, monga kubiriwira kokha kapena chikasu chokha. Pa chithunzi cha ukwati kapena cha maluwa chitani nazo monga mufuna. Koma pa chithunzi chopita kwa Mlangizi, kapena kwa wogula amene afuna kuona mtundu wa fodya kapena wa nyemba zanu, zisiyeni pa 0.

Ndidziwa kuti munthu sakonda kuonetsa munda wake uli wofooka. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wodwala akadzola mafuta kuti aoneke bwino pamaso pa dokotala, adzinyenga yekha. Wogulanso akapeza kuti nyemba za m'thumba sizifanana ndi za pa chithunzi, sadzabweranso chaka chamawa. Funso loyenera kudzifunsa pokonza si lakuti, kodi chakoma? Funso ndi lakuti, kodi ndi mmene zinaliri?

POTUMIZA

Mukakhutira, uzani pulogalamu kuti itulutse JPEG. Ikakufunsani za mtundu wa mitundu, sankhani sRGB. Umenewu ndi muyeso umene makampani a HP ndi Microsoft anapangana m'chaka cha 1996, ndipo mafoni ndi makompyuta onse aumva. RAW ija muisunge kufikira mlandu wa mundawo utatha.

Musadule khadi pa chithunzi. Lisiyeni lioneke, kuti wolandira naye aone mboniyo ndi maso ake pa foni yake. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza monga Document, chifukwa mukatumiza monga chithunzi wamba chichepetsedwa ndipo timizere tating'ono titayika. Mulembenso mau awa: tsiku ndi nthawi imene munajambula, tsiku lobzala, fetereza amene munathira ndi tsiku lake, ndiponso ngati m'mundamo mumaima madzi kapena muli kaufiti. Madzi oima ndi kaufiti nazo zifooketsa chimanga nkuchisintha mtundu, ndipo Urea sachiza zimenezo.

Nanga amene foni yake iribe RAW atani? Asataye mtima. Ajambule pa nthawi yabwino, aike pepala loyera pambali pa tsamba, ndipo asakometse kanthu. JPEG nayo ilola kukonzedwa pang'ono ndi kachizindikiro komwe kaja, malinga ngati kulakwa sikunakule. Mnyamata uja akadaika pepala pa chithunzi chake, ine ndikadaona pepala lachikasu ndi kuzindikira msanga.

MAU OTSIRIZA

Bambo uja ndinamuuza zoona tsiku lomwelo tiri chiimire m'munda, kuti kulakwa kunali kwanga. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati Urea wotsalayo amusungira chimanga cha kudimba. Sanandikalipire, koma mbuzi yake sinabwerere.

Kuyambira pamenepo, chithunzi cha tsamba chikandifika chopanda mboni ndiponso chopanda nthawi imene chinajambulidwa, ndichibweza ndi kupempha china. Ena ayesa kuti ndibvuta. Inu amene mwawerenga nkhaniyi mwadziwa chifukwa chake. Kumbukiraninso kuti ngakhale chithunzi chokonzedwa bwino sichilowa m'malo mwa phazi la Mlangizi m'munda. Ngati malangizo amene mwalandira pa foni afuna kuti mugulitse chiweto kapena mukongole ndalama, yambani mwaitana Mlangizi wa m'dera lanu adzaone masambawo ndi maso ake, m'mawa dzuwa litakwera.